A Seth Asalowe Kuseri

Lachiwiri, 22 Juni 1948

Andigoneka dzulo. Ndinagwa ku fakitale pakati pa makina anga oluka nsalu, potsitsimuka ndinali m'ambulansi. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanatsika panjira. Ndikulemba kuti manja akhale ndi chochita, chifukwa ndikawasiya akungokanda thupi mpaka magazi.

Ndine Ada Ormerod, zaka 61. Maso anga achita chikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka. Dokotala Pilling akuti ndi miyala m'ndulu, ndipo umodzi watseka njira. Anandifunsa kuti ululu unayamba liti. Nditati papita zaka, anandiyang'ana ngati ndaba. Kwa dokotala n'kolipira, ine ndinkangomwa soda wophikira n'kupita kuntchito, monga amachitira mkazi aliyense mumsewu wathu.

Pachipata analemba kuti chipatala, koma m'tauni muno palibe wosadziwa kuti ino ndi Nyumba ya Amphawi. Anangosintha chikwangwani. Kutsogolo kuno ndi kwa odwala. Ukadutsa bwalo ndi Kuseri, kumene amasunga nkhalamba zosowa wozisamala, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Mwatsoka, bedi langa lili pawindo loyang'ana komweko.

Lachitatu, 23 Juni

Amatidzutsa m'mamawa, kutiyeza kutentha, kutisambitsa, kenako tiyi. Kutentha kwanga 102, pomwe munthu wabwinobwino amakhala 98. Jakisoni wa penisilini maola atatu alionse, thako ili kenako linalo. Chamafuta chilichonse andiletsa. Ndikudya buledi wouma, phala lamadzi ndi nsomba yowiritsa yosamveka kukoma.

Masana kunabwera Mayi Tattersall, amene ntchito yawo ndi kufunsa odwala za kunyumba. Ndi wachichepere, waulemu, nsapato zabwino. Aulemu otere ine ndimawadziwa.

"Kunyumba mwasiya ndani, Mayi Ormerod?"

"Amuna anga."

"Ali bwino? Atha kudzisamala?"

"Ali ndi mphamvu kuposa inu ndi ine. Amadziphikira okha."

Anamwetulira n'kupita pa bedi lina.

Zoona zake n'zakuti a Seth anga mutu unayamba kuwasokonekera chaka chatha. Amatsegula gasi wophikira n'kuiwala kuyatsa. M'mawa amavala jekete kupita ku fakitale imene inatsekedwa nkhondo isanayambe. Ine ndikakhala kuntchito amawayang'anira ndi Florrie Clegg wa khomo loyandikana nafe, ndikaweruka ndine. Panopa zonse zagwera Florrie. A ofesi akangodziwa, awanyamula n'kuwaika Kuseri. Ine ndili moyo, a Seth salowa kumeneko.

Lachinayi, 24 Juni

Pa bedi loyang'anizana ndi langa pali Nellie Duckworth, woluka nsalu wa fakitale ya kumtunda, ali ndi chilonda cha pamwendo chosapola. Ife oluka, phokoso la makina linatigonthetsa kalekale, ndiye timawerengana milomo. Sisitala Cronshaw, mkulu wa anamwino, akalamula kuti wodi ikhale chete, ine ndi Nellie timapitiriza macheza popanda mawu, iwo n'kumadabwa kuti tikuseka chiyani.

Nkhani ya Nellie ndi imodzi, lamulo latsopano loyamba pa 5 Julayi.

"Dokotala waulere, mankhwala aulere, mano oikirira aulere! Ine ndikangoika mano, Ada, amuna a m'tauni muno asamale."

"Yamba wapola mwendowo. Uwathamangitsa bwanji?"

"Tiona amene aseke pomaliza. Ndipo akuti lamulo la amphawi likutha tsiku lomwelo. Kulibenso bwana wobwera kudzavundukula mapoto."

Ndinamulozera pawindo. "Nanga awo akuwatulutsa liti?"

Anati ndine wokanika, ndipo ngakhale atandipatsa keke ndingayambe kufunafuna singano m'kati.

Loweruka, 26 Juni

Dzulo anandimwetsa mapiritsi, lero andijambula m'mimba. Akuti chithunzi sichinatuluke bwino chifukwa chiwindi chatopa. Kutentha 101. Andipaka mankhwala otuwa oletsa kuyabwa, ndikuoneka ngati khoma lopaka laimu.

Masana nkhalamba za Kuseri anazitulutsa padzuwa. Zimayenda mozungulira bwalo, majekete otuwa ofanana, palibe wolankhula ndi mnzake. Bwalo limenelo ndikulidziwa. Ndinalowa muno ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo atathyoka msana kophwanya miyala. Pachipata pomwepo anatigawa, bambo kwa amuna, mayi kwa akazi, ine kwa ana. Anatimeta, kutivula zathu n'kutiveka zawo. Bambo anafera mbali ya amuna, mayi anawauza atawaika kale m'manda.

Ndapempha namwino anditsekere katani. Akuti Sisitala amafuna kuwala m'wodi.

Lamlungu, 27 Juni

Tsiku la alendo. Florrie wabwera ndi dzira limodzi, atalembapo dzina langa ndi pensulo kuti kukhitchini asalisokoneze ndi la wina. Mazira sindiloledwa, ndiye wadya ndi Nellie.

Mokweza Florrie anati, "Kunyumba kuli bwino, a Seth akupereka moni." Kenako anazimitsa mawu n'kupitiriza ndi milomo yokha. Lachisanu anawapeza pachipata cha fakitale yakale ija, mvula itawanyowetsa, akudikira belu loyambira ntchito. Dzulo apsereza ketulo. Akungofunsa kuti Ada aweruka nthawi yanji.

"Ndipo Ada, Loweruka likudzali ndi tchuthi."

Ndinali nditaiwaliratu. Sabata ya tchuthi mafakitale onse amatseka tsiku limodzi, masitolo nawo, tauni yonse imakwera sitima kupita kunyanja ku Blackpool. Mumsewu wathu mumatsala amphaka.

"Tsala, Florrie. Ndakugwira mwendo."

"Ndikanatha, mnzanga. Amuna anga a Walt ndi chifuwa chija akudalira mphepo ya kunyanja, adzukulu akhala akuimba za ulendowu chaka chonse. Ndiwauza chiyani?"

"Nanga a Hargreaves a mumsewu wathu aja?"

"Nawonso akupita, ndi ndodo zawo zomwe. Uza a ofesi, Ada. Mwina zasinthadi."

"Ukangotsegula pakamwa kwa a ofesi, usadzandilankhulenso."

Wapita akupukuta maso. Sindinayenere kutero, mkazi ameneyu watisamala kuposa m'bale.

Lolemba, 28 Juni

Dokotala Pilling pozungulira ndinawapempha kuti anditulutse Lachisanu, ndidzabwerenso tchuthi ikatha. Anaseka. "Mukufuna kukasambira ku Blackpool, mayi? Gonani, zonse zikhala bwino."

Madokotala akamati zonse zikhala bwino amalankhula mokweza. Zenizeni anakanenera kumapeto kwa wodi, chapansipansi, kwa Sisitala. Sadziwa kuti woluka nsalu amamva ndi maso. Ndinaziwerenga zonse. Mwala ukapanda kuchoka sabata yamawa, chiwindi chisiya ntchito. Akatuluka ameneyu, sabwerera ndi miyendo yake.

Nellie naye anaona. Chilowereni muno, lero ndi koyamba kumuona atatseka pakamwa.

Lachiwiri, 29 Juni

Opaleshoni aiika pa 6 Julayi. Awonjezera jakisoni wina m'mawa uliwonse, akuti wothandiza magazi kugwirana, popeza wachikasu akachekedwa magazi saleka msanga. Kutentha 100.

Ndinayesa kuima ndekha kuti ndione ngati ndingafike pachipata. Ndinalekera pa bedi la Nellie, chizungulire n'kundikhazika pansi. Ndafunsa zovala zanga, akuti zili m'kabati yokhoma, kiyi ali ndi Sisitala. Chipatala chanji chokhomera munthu zovala zake?

Lachitatu, 30 Juni

Ndakangana ndi Nellie. Wodi yonse ili chete, ife tikulalatirana ndi milomo.

"Amuna ako odziphikira okha aja, akuti apsereza ketulo?"

"Unkatiwerenga? Wopanda manyazi iwe!"

"Nanga maso ndiwaike kuti? Uza Mayi Tattersall, chitsiru iwe. Akuti tsopano kuzikhala amayi otumidwa ndi khonsolo kukathandiza m'makomo."

Ndinamukumbutsa za nthawi ya ulova, ngati iye anali kunja kwa dziko. Fakitale ya a Seth itatsekedwa tinakapempha thandizo. Bwana wa za amphawi anayendera nyumba yonse, kutsegula ndi makabati omwe, n'kulamula kuti tigulitse kaye makina anga osokera ndi mpando uliwonse wopanda wokhalapo. Kamalipiro ka mwana wathu Arnold anakatenga ngati ka banja lonse, mpaka mwanayo anachoka pakhomo kuti ife tilandireko kanthu. Analowa usilikali, sanabwerere. Limenelo ndiye thandizo la boma limene ine ndikulidziwa.

"Zakale zimenezo," anatero Nellie.

"Makoma ndi omwewa, anthu ndi omwewa."

"Chabwino, wawina. Ndiye Loweruka awayang'anira ndi amphaka?"

Ndinamupatsa msana. Ndikumuda chifukwa akunena zoona.

Lachinayi, 1 Julayi

Kunjenjemera, kusanza. Kutentha 103. Mabulangete atatu ndi botolo la madzi otentha. Pensulo ikundilemera. Mawa ndi Lachisanu kale.

Lachisanu, 2 Julayi

Kutentha kwatsika, 101.

Florrie anazemba n'kulowa nthawi ya chakudya, tsitsi atalikonza kale za ulendo. Akuti awasiyira buledi ndi mbatatesi zophika, atseka gasi pa mita, n'kuwakhomera kunja kuti asasochere.

"Pa mita amadziwa kutsegula. Ndipo ukawakhomera, moto ukabuka atulukira pati?"

Florrie anavomera kuti sawakhomera.

Atapita ndinaitana Sisitala ndikuti ndikufuna Mayi Tattersall. Ndinawauza zonse, za gasi, za fakitale, za ketulo. Ndinkadikira kuti andikalipire chifukwa cha bodza lija. Iwo anangofunsa nambala ya nyumba ndi chimene a Seth amakonda pa tiyi.

"Pali Mayi Birtwistle otumidwa ndi khonsolo, iwo sapita kutchuthi. Azipita m'mawa ndi madzulo, kuwaphikira ndi kuona gasi. Palibe awachotse pakhomo."

"Ndiye mutenga chiyani m'nyumbamo?"

"Palibe chimene titenge, Mayi Ormerod."

Ndikufuna kukhulupirira. Koma mtima ukundiuza kuti ndawagulitsa amuna anga.

Loweruka, 3 Julayi

Kuyambira m'mawa masitima akulira motsatizana. Machumuni onse azima, kumwamba kwayera mpaka mapiri akuoneka, zimene zimachitika sabata ino yokha pachaka. Anamwino akuti n'kokongola. Ine ndikungoona tauni yopanda munthu, a Seth ali m'katimo.

Mayi Tattersall abwera dzuwa litapendeka, nkhope ili ina. Mayi Birtwistle apita kawiri, a Seth akana kutsegula. Ataona pawindo mlendo wonyamula chikwama, anapiringidza makomo onse awiri. M'kati mukumveka kukokakoka zinthu zolemera. Fungo la gasi akuti sanalimve.

"Titha kuitana apolisi athyole chitseko."

"Mukatero muwapha ndi mantha. Nditengeni ine."

"Dokotala sangalole."

"Ndiye ndipita ndekha ndi malaya ogonera omwewa, chokwawa."

Nellie analowerera mokweza, wodi yonse n'kumva. "Ameneyu ndikumudziwa, Sisitala, achitadi! Mumupeza pa msewu matako ali pamtunda!"

Akuti tidikire dokotala mawa. Mawa ndi kutali.

Lamlungu, 4 Julayi

Ndilemba pang'onopang'ono.

Sisitala Cronshaw, amene ndinkati m'chifuwa mwawo muli njerwa, ndiwo anakakamiza Dokotala Pilling. Anandikulunga bulangete n'kundikweza ambulansi pamodzi ndi Mayi Tattersall. Msewu wathu unali zii, makatani otseka nyumba zonse. Anandiimika pakhomo panga atandigwira m'khwapa. Ndinagogoda.

"Ndani?"

"Ndine, Seth. Tsegulani."

"Kuno sitifuna thandizo. Tikudzidalira. Mkazi wanga wachokapo. Pitani."

Mawu amenewo ndi a msewu wathu wonse kuyambira nthawi ya ulova, ana ankawaloweza asanadziwe pemphero. Zambiri a Seth aiwala, koma amenewo ayi. Ndinayesa monyengerera, kuti ndine Ada, ndabwera, ndatopa. Anangobwereza zomwezo, kuti tikudzidalira, pitani. Mtima unandipsa.

"Iwe Seth Ormerod! Khonde ili ndalikolopa moyo wanga wonse, lero ndiime panja ngati wogulitsa matsache? Tsegula msanga ndisanakuswe mutu ndi nsapato!"

Mpiringidzo unalira.

"Ada, wachedwatu lero. Nanga nkhopeyo wapaka chiyani?"

Fungo la gasi linatiwomba pakhomo pomwepo. Anali atatsegula pa mita, mbaula ikungotulutsa gasi yosayatsa. Dalaivala anathamanga kukatseka, Mayi Tattersall kutsegula mawindo. M'chipinda chochezera munali mbee. Mipando, wotchi, wailesi, ngakhale chithunzi cha Arnold, zonse anazikokera kuchipinda chapansi kosungira malasha. Dzanja lawo linali litang'ambika, magazi atauma mpaka m'chigongono. Mbatatesi za Florrie sanazikhudze. Anandikokera pambali n'kunong'ona, akuloza Mayi Tattersall ndi chibwano, "Ndabisa zonse. Sapeza kanthu ameneyu." Anali wonyadira ngati mwana.

Ndinakhala pa masitepe, popeza panalibe pena pokhala. Mayi Tattersall anagwada patsogolo panga, pa fumbi la malasha.

"Mayi Ormerod, sindikunamizani. Sangakhale okha ngakhale ola limodzi. Wogona nawo ndilibe, tauni yonse ili kunyanja. Malo amene ndili nawo ndi amodzi."

"Kuseri."

"Inde. Koma kuyambira mawa palibe angawasunge mokakamiza. Azivala zawo zomwe. Tsiku lotuluka inu, atuluka nanu. Ndikulonjeza."

"Amene anatenga bambo anga nawonso ankalankhula bwino."

"Ndikudziwa. Ndilibe china chokupatsani, koma mawu anga okhawa."

Ndinaganiza zotsala pomwepo, kutseka chitseko, ife awiri. Kenako m'maganizo ndinaona Florrie akubwera Loweruka ndi masutikesi n'kupeza maliro awiri. Ndinawaveka a Seth jekete ndi chipewa ndi manja angawa.

M'ambulansi ankasangalala, ankaganiza kuti nafenso tikupita kunyanja. Titatsika anayang'ana chipata, anayang'ana mawindo, n'kuima nji. Nyumba iyi palibe wa m'tauni muno angaiiwale.

"Ada, talakwa chiyani?"

"Palibe. Mungondidikira pang'ono, ndibwera."

Anawatenga bambo wina wovala jasi loyera. Sanalimbane. Ndikanakonda akanalimbana.

Kutentha 102. Sisitala andibaya jakisoni okha.

Lolemba, 5 Julayi

Lero ndiye tsiku lija. Aika maluwa pa tebulo, mkulu wina wa khonsolo wadutsa ndi unyolo wake waudindo m'khosi kugwira odwala chanza, tiyi wa masana wabwera ndi keke. Nellie wamufunsa mkuluyo kuti mano ake abwera nawo kapena awatumiza pambuyo. Wodi yonse inafa ndi kuseka. Ine keke sindiloledwa, ndipo kuyambira madzulo ano ngakhale madzi.

Anditsuka m'mimba, n'kundipaka pakhungu mankhwala achikasu, ngati chikasu changa sichikukwana.

Mayi Tattersall akuti a Seth agona, adya phala, dzanja alimanga, avala jekete lawo lomwe. Ndinawafunsa kuti ndikapanda kudzuka mawa, lonjezo lija likhala la ndani. Anati, "Ndiye mudzuke."

Ndikuopa. Osati mpeniwo.

Lachiwiri, 6 Julayi

Akubwera ndi machira. Nellie akuti ndi milomo, usachedwe, ndilibe wokangana naye.

Lachisanu, 9 Julayi

Ndilipo. Miyala yambiri, wina ngati dzira la njiwa. Kapaipi pamimba kotulutsira ndulu m'botolo. Kupuma kukuwawa, kutsokomola ndiye imfa. Madzi pa supuni. Ndafunsa za a Seth, akuti ali bwino.

Lamlungu, 11 Julayi

Florrie wabwerako, mphuno itasupuka ndi dzuwa. Wabweretsa switi wa ku Blackpool, ndamupatsa Nellie aziyamwa ndi nkhama. Florrie anayamba wadzera Kuseri, mkazi amene amawoloka msewu kuopa kudutsa pachipata chino.

"Akudya, Ada. Ndi aukhondo, awameta ndevu."

"Anakuzindikira?"

Anayamba kundiuza za mitengo ya nsomba kunyanja.

Lachinayi, 15 Julayi

Chikasu chikutha, kuyabwa kwasiya. Penisilini aleka. Andikhazika pa mpando pafupi ndi windo.

Ndawaona. Jekete lawo labulauni pakati pa majekete otuwa, akuzungulira bwalo pambuyo pa anzawo. Ndinagogoda galasi mpaka anatukula mutu, ndikuti ndi milomo, "Ndine Ada, ndikubwera." A Seth pa zowerenga milomo anali katswiri kundiposa. Anandifunsira banja chomwecho, pakati pa makina, kapitawo ataima pambali osadziwa kanthu. Lero anayang'ana windo langa nthawi yaitali, kenako n'kupitiriza kuzungulira.

Mwina ndi kunyezimira kwa galasi. Ndapempha andikankhe pa mpando kupita kumeneko. Sisitala akana, akuti bala likadali ndi kapaipi ndipo Kuseri kuli chifuwa.

Lachiwiri, 20 Julayi

Kapaipi achotsa, ulusi wa pabala achotsa mawa. Ndadya nyama ya nkhuku pang'ono osasanza. Ndayenda mpaka kumapeto kwa wodi n'kubwerako.

Kwabwera dokotala wa Kuseri, munthu wofatsa. Akuti ndiganize bwino, ndili ndi bala lalikulu, a Seth azolowera kumeneko, savuta, bwanji angokhala. Ndinaiwala za ulusi, ndinadzuka ngati ndilibe bala. Ndisanayambe, Mayi Tattersall anandidula.

"Adokotala, lamulo silitipatsanso mphamvu yowasunga. Atuluka pa 28 pamodzi ndi akazi awo. Mayi Birtwistle azipita tsiku lililonse, namwino azikaona bala."

Chibadwire sindinaone wa ofesi ataima mbali yanga. Ndinasowa poika nkhope. Nellie akuti ndi milomo, "Singano ija waipeza?"

Koma mawu akuti savuta akundisowetsa mtendere. A Seth anga amavuta. Amadandaula kuti tiyi wazizira, amakangana ndi wailesi, amabisa nsapato zanga kuti ndisapite kuntchito.

Lachitatu, 28 Julayi

Anditulutsa. Zovala zanga andibwezera zonse, diresi likukhwepa ngati lobwereka. Nellie akuti ndikadzamuona ndi mano ndisadzachite nsanje. Sisitala Cronshaw andikankha okha pa mpando kudutsa bwalo lija, Mayi Tattersall ali pambali. Zimene analonjeza achita. Ndilembe zimenezo, popeza zoipa zawo ndinalemba.

A Seth ndinawapeza pa benchi pafupi ndi khomo, chipewa m'manja. Bambo wa jasi loyera uja akuti amakhala pamenepo tsiku lonse, kupatula nthawi ya chakudya ndi yoyenda pabwalo. Aonda, koma ndi aukhondo.

"Seth, ndabwera. Tiyeni kwathu."

Anaimirira mwaulemu, monga amachitira ndi alendo.

"Pepani mayi, sindingachoke. Mkazi wanga anati ndimudikire pano. Akandisowa apsa mtima."

Ndinatchula dzina langa, la Arnold, la Florrie, la msewu wathu. Ankangogwedeza mutu mondimvera chisoni. Ndinafuna kukalipa ngati tsiku lija pakhomo, koma ndinalephera. Mayi Tattersall anayang'ana kumbali.

"Wandituma ndi iyeyo," ndinatero. "Ali kunyumba, akuti ndikutengeni."

"Aa, mukanayamba ndi pamenepo," anatero, navala chipewa.

Ndikulemba tili pakhonde, tikudikira ambulansi yotiperekeza. Palibe watiimitsa, palibe watifunsa kanthu. A Seth akhala pambali panga, manja pamaondo, akundifotokozera za mkazi wawo. Akuti ndi wolongolola, pakamwa sipatseka, koma akati abwera, amabwera.